Manja Pansi, Agogo

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka lero mu wodi ya abambo, pafupi ndi khomo. Ine kulemba sindidziwa. Sukulu ndidangoisuzumira pampanda. Cholembera chili m'manja mwa Aphunzitsi, a pabedi loyandikana ndi langa, amene mwendo wawo aupachika m'mwamba ndi chingwe. Akuti poti alibe kothawira, bola azilemba kusiyana n'kumangomvera. Pangano lathu ndi ili: ine ndizinena, iwo azilemba, ndikayamba kuzungulira azigogoda bedi.

Matenda anga ndi chotupa m'munsi mwa mchombo. Adokotala akanikiza ndi zala, andiuza kuti nditsokomole, kenako akuti mnofu wa pamimba udang'ambika, thumbo likusuzumira panja. Apezanso shuga.

"Mumanyamula chiyani, bambo?"

"Munthu."

"Wolemera bwanji?"

"Zimatengera wadya chiyani."

Sanaseke.

Munthuyo ndi mdzukulu wanga, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi ake, mwana wanga woyamba, adatisiya iye akuyamwa. Mwanayu adabadwa ndi miyendo youma, yopingasana ngati sizasi, koma mutu uli bwinobwino ndipo pakamwa adatengera ine. Timamutcha Dalaivala, chifukwa ndikamubereka amandigwira makutu: akakoka lakumanja ndikhote kumanja, akafinya onse awiri ndiime. M'mawa uliwonse ndimapita naye kumsana mpaka pakhonde la sitolo pomwe ndimasoka nsapato. Pamenepo ena amabwera ndi nsapato zabwinobwino, pofuna nthano chabe. Padali mkulu wina wa masharubu amene…

Aphunzitsi agogoda.

Lachiwiri, 4 Juni

Atenga magazi, ayeza kuthamanga kwake, ajambula chifuwa. Opaleshoni ndi mawa. Kuyambira madzulo ano, m'kamwa osalowa kanthu.

Adokotala anena ali chiimire: "Tikasoka, kunyamula kwatha. Osati mwezi uno wokha, kwatha basi. Cholemera kuposa ketulo yamadzi, ayi."

Masana wabwera mwana wanga wachiwiri, amene Dalaivala amati Mayi Aang'ono. Amagwira ntchito kutali, amagona m'kachipinda kalendi ka m'mwamba, kokwera masitepe. Wabweretsa nthochi zomwe sindiloledwa kudya. Adya Aphunzitsi.

"Bambo, tisanamizane. Mwana uja amunyamula ndani?"

"Tiona."

"Tiona chiyani? Ndapeza malo kunyumba yosungira ana olumala. Amadya bwino, amaphunzira. Mukatuluka muno ndipita naye."

Nyumbayo ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kuona mwana ndi patchuthi basi.

Zonsezi amazimva mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, amene anali kupinda zala za kuphazi za Aphunzitsi. Ndi wamfupi, nsapato zake n'zodyeka chidendene cha kunja, ndipo wodi yonse imamutcha Asajeni. Afunsa zaka za mwanayo, afunsa ngati manja amagwira. Kenako akuti kumapeto kwa khonde lino, mukakwera kachitunda ka simenti, kuli wodi ya ana ophunzira kudzithandiza.

"Mundibwereke mwezi umodzi. Kuyenda sindikulonjeza. Koma kuchoka pabedi kukhala pachikuku, kuchoka pachikuku kukhala pachimbudzi, n'kudziyendetsa yekha, tingayese."

Mayi Aang'ono akuti abweranso kumapeto kwa mwezi. Akadzapeza mwanayo akufunabe womunyamula, adzamutenga. Ndavomera. Panalibe china choti n'kuvomera.

Lachitatu, 5 Juni

Asoka. Diripu kudzanja. Ludzu.

Lachisanu, 7 Juni

Anesi atsegula bandeji ndipo ndapempha kagalasi kuti ndione ntchito. Mizere ndi yowongoka, mfundo n'zazing'ono, koma atalikitsa mipata. Ikanakhala nsapato ndikanabwerezanso. Ndawauza Adokotala. Akuti mimba si nsapato. Ndati zonse ndi zikopa.

Shuga akadali wokwera, ndiye bala lichedwa kupola. Jakisoni m'mawa, mapiritsi awiri madzulo. Tiyi wopanda shuga ali ngati madzi otsukira kapu.

Dalaivala adamubweretsa dzulo. Sindinamuone. Anesi akuti wafunsa ngati muno muli munthu wamkulu woti n'kukamba naye.

Lamulungu, 9 Juni

Tsiku la alendo. Akazi awo a Aphunzitsi abwera ndi mpunga ndi mazira, n'kuwakalipira kuti akunenepa. Pabedi la kuwindo pali mkulu wosalankhula, woduka phazi, amene amangoyang'ana denga. Ndamuyambira nthano ziwiri, zonse wagona pakati. Sindinakhumudwe. Tulo nato ndi malipiro.

Andiyendetsa mpaka pakhomo n'kubwerera, nditagwira pilo pamimba.

Lolemba, 10 Juni

Wokankha odwala wanditengera ku chipinda cha mafizo. N'chachikulu, pansi ayala matiresi abuluu. Muli zitsulo ziwiri zogwirira, galasi lalitali, mipira yaikulu ngati maungu a chaka chamvula. Kamnyamata kena kamaphunzira kudya ndi supuni yokulungidwa chogwirira ndi bandeji kuti chinenepe. Phala lina limafika m'kamwa, lina m'khutu. Mayi ake anakhala patali, akuluma mpango.

Dalaivala anali chigonere pamatiresi, atavala zomangira zapulasitiki zofika m'mawondo. Atandiona wakweza manja onse awiri, monga amachitira m'mawa uliwonse.

"Galimoto yanga yabwera! Agogo, tiyeni tizipita. Amayi awa ndi ankhanza."

Ndayamba kudzuka. Asajeni andigwira paphewa.

"Agogo, manja anuwo muwakhalire."

"Bwanji?"

"Ikani pansi pa ntchafu. Muwakhalire."

Ndawakhalira. Munthu wa imvi, kukhalira manja ngati mwana wakuba shuga.

Akuti chiyambireni Lachinayi mwanayo sanasunthe olo pang'ono. Mphamvu m'mikono ali nazo, koma sadafunepo chinthu chimene sichidabwere chokha. Akafuna madzi, madzi amabwera. Akafuna panja, panja pamabwera.

"Ndiye n'chiyani chimene amachikonda kwambiri?"

"Nthano," wayankha mwini wake. "Koma osati ya mbuzi ija, ndatopa nayo."

Lachiwiri, 11 Juni

Njira ya Asajeni ndi iyi. Andikhazika kumapeto kwa chipinda, mwana kumapeto enawo. Ndinene nthano, koma monong'ona. Akafuna kumva, asendere. Akasiya kusendera, nane ndisiye kunena.

Ine mawu anga amadutsa msewu. Ndikamanena nthano pakhonde la sitolo, wometa wa kutsidya amasekera komweko. Lero akuti ndinong'one.

Ndapeka yatsopano. Nsapato ya kumanzere idatsala m'basi mwini wake atagona, inzake n'kutsika ndi phazi. Ndiye ya kumanzereyo idanyamuka, kudumphadumpha, kukafuna inzake.

"Agogo, sindikumva!"

Ndapitiriza kunong'ona.

"Kwezani mawu! Kodi akusokani ndi pakamwa pomwe?"

Watukwana Asajeni, watukwana matiresi. Kenako watembenuka chafufumimba, wakhoma zigongono, wadzikoka. Pang'ono chabe, ngati utali wa nsapato ya munthu wamkulu. Wagona, akupuma ngati wathamanga. Ndasiya pomwe nsapato ija imafunsa njira kwa kondakitala.

Kusiya nthano pakati kumandiwawa ngati kumeza fupa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndalakwa. Pofika pamene nsapato ija imathamangitsidwa ndi galu, mawu akwera okha. Chipinda chonse chamva, ngakhale kamnyamata ka supuni kasiya kudya. Dalaivala wangogona chagada, wapinda manja kumutu, akumvera ngati bwana.

Asajeni: "Lero mwamunyamulanso. Ndi pakamwa."

Aphunzitsi akuti iwo adaphunzitsa zaka zambiri koma sadaonepo mwana wovuta ngati ine.

Bala likutulutsa madzi pang'ono. Asintha mapiritsi.

Lolemba, 17 Juni

Tsopano amadutsa matiresi onse ndi zigongono. Zakhakhala, azipaka mafuta. M'mawa amamuwongola miyendo, wina kugwira chiuno, Asajeni kukoka pang'onopang'ono mpaka mwana aluma mlomo. Kenako amamuimika m'chimango chathabwa, atamumanga malamba m'mawondo ndi m'chiuno, kuti mafupa adziwe kulemera kwa mwini wake. Ataimirira wandiyang'ana m'maso molunjika.

"Agogo, muli ndi dazi."

"Lidayamba kale."

"Ndimaliona pamwamba. Kutsogoloku ndiye n'loipa kwambiri."

Amupatsa chikuku chake, chaching'ono, gudumu lakumanzere limalira. Akumuphunzitsa mabuleki, ndi thabwa losalala lomwe amaliyala ngati mlatho kuchokera pabedi kufika pachikuku. Lamulo lake amalinena ngati nyimbo: buleki, thabwa, mutu kutsogolo, matako kumbuyo. Pa mawu omalizawo ana onse amaseka, ndiye amawabwereza dala.

Ine ndimakhala manja ali pansi pa ntchafu. Achita dzanzi. Nsapato ija yafika kumsika, yakwatiwa mwangozi ndi jombo.

Lachitatu, 19 Juni

Achotsa ulusi. Adokotala akuti m'kati simunagwirane, ndiziyenda ngati ndasenza mazira.

Mkulu wa kuwindo walankhula lero. Wafunsa kuti nsapato ija idathawa bwanji kwa jombo. Kani madzulo ndikamawafotokozera Aphunzitsi, iye amamvera.

Lachinayi, 20 Juni

Anena ndi Aphunzitsi kuti ndisatalikitse. Sinditalikitsa.

Ndinachedwa ku mafizo chifukwa choyeza shuga. Ndapita ndekha, wapansi, nditagwira khoma. Potsegula chitseko ndapeza Dalaivala ali pansi, pambali pa chikuku, akulira, dzanja limodzi litagwira gudumu. Asajeni anali chiimire pomwepo, manja m'thumba.

Sindinaganize. Ndawerama, ndamunyamula.

Ndamva m'mimba ngati soli ikumatuka.

Abwerera nane ku thiyeta madzulo ano.

Loweruka, 22 Juni

Asokanso. Thupi latentha. Diripu.

Lamulungu, 23 Juni

Malungo a bala. Sindinadye.

Lolemba, 24 Juni

Kutentha kwatsika. Adokotala akuti ulendo uno aika kansalu kolimbitsira m'kati, ndipo kachitatu sipadzakhala poti n'kusoka. Osatsika pabedi sabata yonse. Ku mafizo osapondako.

Asajeni abwera kudzapinda zala za Aphunzitsi, kenako akhala pampando wa alendo. Ndimayembekeza kuti andikalipira. Ayi.

"Mwana uja sadagwe, agogo. Ndidamutsitsa ndine. Phunziro la tsiku lija lidali kudzuka pansi, chifukwa kunyumba adzagwa, ndipo inu mudzakhala mukuyang'ana. Kudatsala pang'ono kuti akwere."

"Nanga kulirako?"

"Amalira ndi mkwiyo. Wolira ndi mkwiyo mumusiye, ali pantchito."

Akuti chiyambireni tsikulo Dalaivala wanyanyala. Sakufuna thabwa, sakufuna chikuku. Akuti adaphwanya agogo ake.

Mayi Aang'ono abwera Loweruka.

Lachiwiri, 25 Juni

Anesi a ku wodi ya ana abwera ndi uthenga. Dalaivala akuti ndiwauze iwowo nthano yotsalayo, akamufotokozere. Aphunzitsi adzipereka kuti ailemba papepala mwaukhondo, anesi akamuwerengere.

Ndinatsegula kale pakamwa. Mathero ake ndili nawo, akhala akundiyabwa pakhosi masiku onsewa. Ndayang'ana manja anga pabulangete.

"Mukamuuze kuti nthano situmizidwa. Ili kuno. Ndipo mawu anga achepa, ngakhale wa pampando apa amva movutikira."

"Mwanayo sakudya bwino, bambo."

"Mukamuuze choncho."

Anesi apita. Aphunzitsi akuti, "Achimwene, lero ndilibe chogogodera."

Nyemba za masana ndabweza.

Lachinayi, 27 Juni

Palibe uthenga. Ndafunsa Asajeni, akuti za odwala ena sanena. Ndati si wodwala wina, ndi dalaivala wanga. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndati mwambi umenewo ndimaudziwa iwo asanabadwe.

Bala lauma. Shuga watsika. Mkulu wa kuwindo amuyeza phazi lopanga, ndipo ndamuuza kuti akadzafuna nsapato yake adzandipeze.

Kachitunda ka simenti kaja ndimakaona pano chitseko chikatseguka. Pochokera kwa ana n'kotsetsereka, ndipo kumunsi kwake kuli khoma.

Loweruka, 29 Juni

Aphunzitsi, lero musagogode.

Mayi Aang'ono afika m'mawa ndi chikwama chatsopano cha mwana, chofiira. Anayamba apita ku wodi ya ana, apeza bedi lopanda munthu. Abwera kuno akupuma mwamphamvu.

"Bambo, mwana ali kuti? Ndipo ndamva zomwe mudachita. Mukufuna mufe kuti tidziwe kuti mumamukonda?"

Ndisanayankhe, mkulu wa kuwindo wakweza chala. Tonse tamva. Kwii. Kwii. Gudumu lakumanzere, kuchokera kukhonde la kuseri, kumene amazungulira akamachoka ku mafizo.

Watulukira pamwamba pa kachitunda. Waima. Wagwira magudumu onse awiri, wawasiya pang'ono, wawagwiranso, monga mmene wa ngolo amatsikira phiri. Kumunsi wakhota mochedwa, chopondera chakwecha khoma. Wabwerera m'mbuyo, wakhotanso. Asajeni anali kumbuyo, patali, manja m'thumba.

Walowa mu wodi ya abambo osapempha njira. "Pipiii!" Wokolopa wadumpha ndi ndowa yake.

Waimika pambali pa bedi langa. Sanandipatse moni. Nkhope yonse thukuta.

"Buleki," wanena yekha. Wasolola thabwa kumbuyo, waliyala kufika pabedi, limene Asajeni alitsitsa ndi phazi. "Mutu kutsogolo."

"Matako kumbuyo," yayankha wodi yonse.

Pakati pa thabwa dzanja laterereka. Wapendekeka, phewa lagunda chitsulo cha bedi, mwendo umodzi walendewera. Mayi Aang'ono aponya chikwama pansi. Aphunzitsi agogoda bedi kamodzi, mwamphamvu, ndipo Mayi Aang'ono aima pomwepo. Ine sindinadziwe kuti manja anga atuluka m'bulangete.

"Manja pansi, agogo," watero Dalaivala.

Ndawabweza. Wapuma. Wakoka mwendo uja ndi dzanja, waukhazika, wakhomanso chikhatho. Watsetsereka. Bedi lamira pang'ono kumiyendo kwanga.

Mayi Aang'ono atola chikwama chawo. Ayang'ana Asajeni. "Nanga kuchimbudzi?"

"Kuyambira Lachitatu."

Dalaivala walowerera: "Mukufuna ndikuonetseni, Amayi? Tiyeni, koma mukadikire panja."

Aphunzitsi aseka mpaka chingwe cha mwendo chagwedera. Mayi Aang'ono sanaseke. Akhala pampando, atsegula zipi ya chikwama, aitsekanso. Kenako akuti, "Chitseko cha kuchimbudzi kunyumba kuja n'chopapatiza. Chikukuchi sichingalowe. Kalipentala uja akadalipo?"

Ndati alipo, ndipo nsapato zake zili kwa ine.

Dalaivala wandifinya chala cha kuphazi. "Ndabwera. Nsapato ija?"

Ndanena monong'ona, ndipo wasendera yekha mpaka paphewa. Aphunzitsi atchera khutu, mkulu wa kuwindo watchera khutu. Sanamve kanthu. Mathero ake sindiwanena pano. Ndi a amene adawayendera.

Lachitatu, 3 Julayi

Atitulutsa tonse awiri. Mapiritsi a shuga, lamba wa pamimba, kubweranso pakatha milungu iwiri. Dalaivala azibwera ku mafizo Lachiwiri lililonse. Zomangira za miyendo azivala masana, thabwa atipatsa lathulathu. Asajeni akuti akadzagwa kunyumba ndidzawerenge mabotolo a pashelefu mpaka adzuke. Ndawauza kuti chidendene chawo chikufuna mmisiri.

Aphunzitsi atsala, mwendo ukadali m'mwamba. Izi ndabwerera kudzawauza, Mayi Aang'ono akufuna galimoto kugeti. Aphunzitsi akudandaula kuti wodi ikhala zii. Mkulu wa kuwindo akuti adziwa okha, iye ayamba kugona bwino.

Lamulo la muno ndi lakuti wosokedwa pamimba amakafika kugeti pachikuku. Ndiye wokankha odwala anandikankha, manja anga ali pamiyendo, opanda kanthu. Chikwama changa chinali pamiyendo pa Dalaivala, iye ali patsogolo, akulizira anthu hutala ya pakamwa.

Zaka zonsezi ndimamudziwa ndi kulemera kwake, ndi mpweya wake wofunda pakhosi panga, ndi zala zake m'makutu. Lero ndaona msana wake. Ndi wopapatiza, mapewa amakwera n'kutsika akamakankha, ndipo diresi yake ili ndi batani limodzi losiyana ndi anzake, limene ndidasoka ndekha osaliona litavalidwa.

Wokankha anafuna kumupitirira. Ndamuuza kuti asathamange.

Lembani mpaka pamenepo, Aphunzitsi. Akuliza hutala.